Nyumba yafika pa lintala: maganizo a m'kati mwa zipinda mumawatenga kuti?

Mai_a_Mapasa
Moni nonse a pagulu pano. Ine ndi bambo a kunyumba tikumanga kuno ku Salima, chakumsewu wopita ku Senga Bay. Nyumbayo ndi ya zipinda zogona zitatu, balaza, khitchini ndi sitolo. Pano yafika pa lintala, ndipo mmisiri wati tisanafolere tinene zonse zomwe tikufuna m'katimo, chifukwa pulasitala akalowa, kugumula n'kutaya ndalama.

Chomwe chandivuta ndi ichi. Chigulireni puloti ndakhala ndikusunga zithunzi mu foni, za pa Pinterest, za pa Facebook, zina ndimachita kupempha kwa anzanga pa WhatsApp. Koma ndikakhala pansi kuti ndisankhe, mutu umaima. China ndi balaza la penti wotuwa ndi sofa ya velvet, china ndi khitchini yolumikizana ndi balaza popanda khoma, china ndi chipinda choyala kapeti mpaka kukhoma. Chilichonse pachokha n'chokongola, koma kuziika pamodzi sizikugwirizana. Inu amene munamanga kale, ngakhalenso amene mukadalota, maganizo a m'kati mwa zipinda munawatenga kuti? Munasankha bwanji? Ndithandizeni chonde, nyumba imeneyi ndiyo ndikufuna kudzakalambiramo.

Usipa_wa_Chipoka
Yambani n'kufufuta cha kapeticho mayi. Mchenga wa kuno umalowa ndi mapazi a ana, ukakhazikika mu kapeti sutulukanso.

Mmisiri_wa_Kaphatenga
Mayi, mwafunsa pa nthawi yake. Ambiri amabwera ndi zithunzi nyumba itafoleredwa kale, pamene zinthu zofunika zatsekeka. Ine ndinene kuti musanaganize za mtundu wa penti, ganizani za October. Zithunzi zambiri mukusungazo n'za nyumba za kumayiko ozizira, kumene munthu amafuna kutsekera kutentha m'nyumba. Ife kuno tikufuna kukutulutsa.

Poti muli pa lintala, onjezani mizere ya njerwa pamwamba kuti kuchoka pansi kufika pa siling'i pakhale mamita 3. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye siling'i ikakhala pafupi ndi mutu mumapsa nawo. Pansi pa malata yalani pepala lonyezimira lija lobweza kutentha, ndipo malatawo asankheni owala. Akuda ndi a buluu wakuda akuoneka bwino pa msewu, koma amamwa dzuwa tsiku lonse n'kudzalitula pabedi usiku. Kumagomo a denga siyani mavent otchinga ndi waya wa gozi kuti mpweya wa mu siling'i uzituluka.

Kenako taonani mawindo. Kuno nyanja ili kum'mawa. Masana kamphepo kamachokera kunyanja, usiku kamabwerera kuchokera kumtunda. Chipinda chilichonse chikhale ndi potulukira mpweya mbali ziwiri. Ngati windo ndi limodzi, pamwamba pa chitseko siyani malo otseguka kuti mphepo idutse mpaka mu kolido. Mbali ya kumadzulo ndiyo yoopsa, dzuwa la 3 koloko limaboola khoma. Kumeneko ikani sitolo, bafa kapena khonde lalikulu, osati chipinda chanu chogona. Ngati pulani yaika kale chipinda chanu kumadzulo, kulitsani khonde mbali imeneyo ndipo mubzale mtengo lero lomwe, usadikire nyumba kutha.

Zimenezi zikakhala bwino, ngakhale mutapaka laimu basi nyumbayo idzakhala yokoma kukhalamo.

WakuJoni
Madala, mukuwabweza mayiwa m'mbuyo. Munthu wafunsa za kukongoletsa, inu mukuyankha za mavent. Ine ndagwira ntchito m'nyumba za ku Johannesburg, makoma otuwa ndi magetsi obisika mu siling'i amaoneka bwino kwambiri. Kutentha kuli ndi aircon. Mayi musaope kulota zazikulu, ku Salima nakonso kuyenera kukhala nyumba zamakono.

Nesi_wa_Usiku
@WakuJoni ku Johannesburg n'kumtunda achimwene, June kumagwa chisanu. Musafanizire ndi kuno. Ndipo aircon imafuna magetsi osazima ndi thumba losatha mayunitsi. Nyumba izizizira yokha, aircon ikhale yongowonjezera.

Ine ndiwonjeze za udzudzu, poti kuntchito ndimaona ana a malungo tsiku ndi tsiku. Udzudzu umakonda kubisala malo amdima: kuseri kwa makatani olemera, pansi pa sofa, pakhoma lakuda, pa zovala zopachika. Chipinda chogona chikhale chowala, makatani opepuka ochapika, zovala zizikhala mu wadiropu yotseka. Mawindo onse gozi, ndi mavent omwe.

China chimene zithunzi za pa intaneti sizionetsa ndi neti. Bedi lija lokongola la mapilo ambiri, mukalipachikira neti ndi zingwe zopita ku misomali ya m'makoma, kukongola konse kumatha, ndiye anthu amayamba kugona opanda neti kuti chipinda chizioneka bwino. Muuzeni kalipentala akupangireni bedi la mizati inayi yokhala ndi felemu pamwamba, neti ya makona anayi izikhala pamenepo. Masana mumangoimanga pa mizati. Fani ya mu siling'i muiike poganizira felemuyo, isadzakhale pamwamba penipeni n'kumakola neti.

Mai_a_Mapasa
Zikomo anesi, za bedi la mizatizo ndazilemba. Nanga za khitchini yopanda khomayo? Imeneyo ndiyo yandigwira mtima kwambiri.

NaPhiri_wa_ku_Linga
Asisi, ndiyankhe ine wa ku Nkhotakota. Dzifunseni kaye kuti mumaphika chiyani. Amene anajambula khitchini imeneyo amawiritsa madzi a tiyi n'kuika buledi mu uvuni. Inu mudzakazinga usipa, mudzawamba chambo, mudzaphika nyemba maola atatu, mudzapala mamba. Ife kuno kondowole ndiye chakudya, ndipo aliyense amadziwa fungo la ufa wa chinangwa chovuula. Zonsezo zikalowa mu sofa ndi m'makatani sizichoka. Mlendo akafika, asanakhale pansi wadziwa kale ndiwo za dzulo.

Ine ndinamanga makhitchini awiri. Ya m'nyumba ndi yaing'ono: gasi, sinki pansi pa windo, firiji, makabati. Ya panja ili pa khonde la kuseri, ya khoma lofika m'chiuno, pamwamba potseguka kuti utsi uzituluka. Kumeneko kuli mbaula, malo a nkhuni, mtondo, ndi thebulo la simenti lokonzerapo nsomba lomwe timangolithira madzi. Kunena zoona chakudya chambiri chimapsa panjapo. Chomwe ndingakulangizeni n'chakuti khitchini ya panjayo muikonze ndi mtima womwewo umene mukukonzera ya m'kati. Ambiri amathira ndalama zonse m'khitchini yoonetsa alendo, pamene mayi amathera tsiku lonse m'kachisakasa kamdima ka utsi kuseri. Ikanimo babu, mashelefu, pokhala pabwino, ndipo denga lilumikizane ndi nyumba kuti nthawi ya dzinja musamanyowe ndi mbale za nsima m'manja.

Sitolo nayo musaichepetse. Matumba a chimanga ndi a mpunga akufuna pokwera, asagunde pansi kapena khoma, komanso pakhale kawindo ka gozi.

Mtsikana_wa_Lifuwu
Aunt a NaPhiri, ndikumva, koma ine ndili mbali ya khitchini yotseguka. Ndinakula ndikuona amayi anga ali okha kuseri pamene abambo ndi alendo akuseka pabalaza. Nkhani zonse za pabanja amazimva mochedwa. Ine nyumba yanga ndikufuna ndiziphika ndikuona ana akulemba za kusukulu pathebulo, ndikucheza nawo. Khoma limenelo si la fungo lokha, limapatulanso munthu.

WakuJoni
Wanena bwino mlongo. Ndi zimene ndikunena ine.

NaPhiri_wa_ku_Linga
Mwanawe, pamenepo sindikutsutsa, ndazimva mumtima. Ndiye chitani chonchi: khoma likhalepo, koma muboole windo lalikulu pakati pa khitchini ndi podyera, la zitseko zamatabwa zokankha, pansi pake thabwa lalikulu loikapo mbale. Mukamaphika tiyi kapena mpunga mumatsegula n'kumacheza. Mukamakazinga mumatseka. Apongozi akabwera, amene sakonda kuonerera mpongozi wawo akuphika, mumatsekanso.

Nesi_wa_Usiku
Pa za khitchini pomwepa, chonde silinda ya gasi ikhale panja m'kanyumba kake kolowa mpweya, paipi yokha ilowe m'kati. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akamatuluka amadzikundika pansi. Ndipo mbaula isalowe m'chipinda chotseka ngakhale mwera utavuta bwanji mu July. Mpweya wapoizoni wochokera ku makala suoneka, sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo.

Agogo_a_kwa_Maganga
Ana anga, mdzukulu ndi amene akundilembera, ine maso anafooka. Ndamva zonse, koma palibe amene wanena za balaza monga ndimalidziwira ine.

Balaza si la inu ndi TV yokha. Tsiku lina padzakhala chinkhoswe. Tsiku lina a mpingo adzabwera kudzapemphera. Ndipo tsiku lina, tisabisane, padzagwa zovuta. Pamenepo mipando yonse imatuluka panja, azimayi amayala mphasa n'kugona m'balazamo usiku wonse akuimba. Ndaona nyumba zina zatsopano sofa yake yaikulu yokhota pakona imene inalowa zitseko zisanaikidwe, anyamata akulephera kuitulutsa anthu atadzaza kale pabwalo. Ndaonanso khomo lopapatiza ndi kolido yokhota moti bokosi kulowa kwake n'kochita kupendeketsa. Zimachititsa chisoni pa tsiku limene mtima uli kale ndi chisoni. Khomo lakumaso likhale la zitseko ziwiri. Mipando ikhale yoti anthu awiri anyamula. Pakati pa balaza pakhale poyera.

Chachiwiri, inu ana simunaone chivomerezi cha mu March 1989. Kuno ku Salima nyumba zambiri zinang'aluka, zina zinagwa, anthu tinagona panja. Dziko lino la m'mbali mwa nyanja limagwedezeka nthawi zina. Kabati yaitali ya magalasi muimangirire kukhoma. Pamwamba pa mutu wa bedi musapachike galasi lalikulu kapena chinthu cholemera, makamaka kuchipinda kwa mapasawo.

Ndipo khonde, mwana wanga. Ife tinakulira pakhonde. Kuyambira September mpaka mvula itagwa simudzakhala pabalaza masana, mudzakhala pakhonde. Likhale lalikulu loti mkeka uyalike ndi mipando ikhalepo.

Mai_a_Mapasa
Agogo, zikomo kwambiri. Mwanena zimene palibe chithunzi chinandiuzapo. Khomo lakumaso ndikamuuza mmisiri mawa lomwe.

Usipa_wa_Chipoka
Poti agogo atchula kabati ya magalasi, ine ndifunse. Disipulei ikufunikabe masiku ano? Mbale zokhala m'galasi chaka chonse osadyeramo, n'zachiyani?

NaPhiri_wa_ku_Linga
Musainyoze. Mwanga muli makapu amene ndinalandira pa ukwati wanga ndi mbale za malemu amayi. Ndikamapukuta ndimawakumbukira.

Mtsikana_wa_Lifuwu
Ine disipulei ayi, imadya malo. Mashelefu awiri pakhoma, zinthu zochepa zomwe ndimazikonda, basi.

Usipa_wa_Chipoka
Mashelefu osatseka ndi fumbi la mwera? Uzipukuta m'mawa ndi madzulo.

Bambo_a_Thavite
Inu mukukamba za disipulei, ine nyumba yanga inaima pa windo chigwereni kwacha mu November 2023. Tsiku limodzi ndalama inatsika ndi 44 peresenti, simenti ndi malata n'kuthawa. Amene mukufolera panopa mukuzitha bwanji? Komanso ndimve, mabuloko a simenti ndi njerwa zootcha, chotchipa n'chiti mukawerengera zonse?

Mmisiri_wa_Kaphatenga
Mabuloko amaoneka odula pogula, koma khoma limakwera msanga ndipo matope ndi pulasitala zimalowa zochepa. Njerwa zootcha zatimalizira mitengo, taonani mmene mapiri ayerera mukamakwera msewu wa ku Lilongwe. Koma chenjerani ndi mabuloko oumba mochepetsa simenti, mukalikanda ndi msomali likuyoyoka musagule.

WakuJoni
Ine ndimatumiza ma rand, koma ngakhale choncho zikuvuta. Abale ena ukawatumizira za malata amayamba athetsa kaye mavuto awo.

Bambo_a_Thavite
Imeneyo ndi nkhani ina yaikulu achimwene, tiitsegulire pake.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za mitengo ya simenti ndi za kutumiza ndalama zili ndi malo ake. Pano tiwathandize Mai a Mapasa za m'zipinda.

Mphunzitsi_wa_ku_Chia
Ndibwerere ku funso lenileni, loti maganizo tinawatenga kuti. Ine zithunzi za pa intaneti sindizikana, zimatsegula maso. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi sichikuuzani kuti chipindacho chimatentha bwanji, amasesa ndani, kapena kuti anachotsamo zidebe, nsapato ndi zingwe za chaja asanajambule.

Ine ndinagula kope, chipinda chilichonse masamba ake. Pamwamba sindinalembe mtundu wa penti, ndinalemba zimene zimachitika m'chipindamo kuyambira m'mawa mpaka usiku: ndani amalowa, amanyamula chiyani, amachiika pati. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti ndikufuna poika njinga, poika zidebe za madzi mipope ikauma, posita, poika mabuku a ana. Kenako ndinabwerera ku zithunzi zija, ndipo pa chilichonse ndinadzifunsa kuti kwenikweni chandikopa n'chiyani. Nthawi zambiri sichinali chipinda chonse. Pena kunali kuwala kolowa pa windo, pena mtundu umodzi wa nsalu, pena kusadzaza katundu. Ndinkalemba chinthu chimodzicho n'kufufuta chithunzi. Mukatero mudzaona kuti zimene mumakonda zimabwerezabwereza, ndipo n'zochepa.

Kachiwiri, yendani. Pemphani kulowa m'nyumba za anzanu cha m'ma 2 koloko masana mwezi wotentha, mumve ndi thupi lanu. Funsani mwini nyumba chimene angasinthe atati amangenso, anthu amayankha mosabisa. Onani nyumba zakale za ku mishoni, za makoma okhuthala, siling'i yapamwamba ndi khonde lozungulira. Lowani m'maloji a ku Senga Bay, gulani chakumwa, muone mmene aikira mipando ndi mmene mphepo ikudutsira. Pitani ku Mua, ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone zitseko ndi mizati yosema komanso mitundu imene ajambula m'makoma. Kuno kwathu kuli Nkhotakota Pottery, ndipo ku Dedza Pottery amaumba matailosi ojambula pamanja. Simungakwanitse khoma lonse, koma mzere umodzi pamwamba pa sinki umasintha khitchini yonse.

Za mitundu, ine ndinatenga chitenje chimodzi chimene ndimachikonda kwambiri n'kusankhamo mitundu itatu. Wowala unapita m'makoma, wachiwiri m'makatani, wowala kwambiri uja pa mapilo okha. Nyumba yonse inayenda ndi mitundu imeneyo, n'chifukwa chake zipinda zimagwirizana. Penti musagule ndowa yaikulu musanayese. Pakani kachigawo pakhoma, mukaone m'mawa, masana ndi usiku pa babu, chifukwa dzuwa la kunyanja limasintha mtundu.

Mai_a_Mapasa
Aphunzitsi, za chitenjezo mwandimasula. Ndili nacho china cha buluu ndi chikasu chimene ndimachisunga m'sutikesi.

Kalipentala_wa_Kamuzu_Road
Ndilankhuleko za matabwa, poti zithunzi zimenezi zimathera pa benchi yanga. Anthu amabwera ndi foni kuti ndipangireni ichi. Ndimapanga, koma ndimayamba ndawauza zoona. Makabati ambiri oyera osalala a m'zithunzi ndi a chipboard kapena MDF, utuchi wopanikiza ndi guluu. Kuno chinyezi cha dzinja chikalowa, kapena paipi ya sinki ikadontha pang'ono, amafufuma n'kuyamba kuyoyoka, mahinjesi n'kuzuka. Chiswe nacho sichichedwa. M'khitchini ndi kubafa, mmisiri akumangireni miyendo ya njerwa ndi thebulo la konkire pamwamba, lotalika masentimita 90 kuchoka pansi, muikepo matailosi. Ine ndidzangoika zitseko ndi mashelefu. Wadiropu chimodzimodzi, ya m'khoma, ndipo zitseko zake zikhale ndi mipata yolowa mpweya kuti zovala zisachite nkhungu.

Mlombwa ndi mbawa ndiwo matabwa a mipando, chiswe sichiwakonda, koma mitengo imeneyi yatha m'nkhalango ndipo ndi yotetezedwa. Wina akakubweretserani usiku opanda mapepala a za nkhalango, mukanizeni. Malayina ndi bulugamu wouma bwino amagwira ntchito. Paini ndi wofewa, amafuna mankhwala a chiswe. Chachikulu thabwa likhale louma. Laliwisi limapindika, pakatha miyezi chitseko sichitsekeka.

Sofa ya chikopa chapulasitiki chija isiyeni. Kutentha kwa kuno imamata pamsana, kenako imasupuka. Pangitsani ya felemu yamatabwa ndi makushoni a zipi, nsalu muzichotsa n'kuchapa. Mukapita ku Lilongwe kaoneni masitayilo kwa anzathu a ku Mchesi, koma mukakonda chinthu chitembenuzeni muone kunsi, ndi kumene kumaoneka ntchito ya munthu.

Mlaza_ndi_Bango
Ndipo musaiwale zathu zoluka. Mumsewu wa ku Senga Bay momwemo mukumangamo muli anthu oluka mipando ya nsungwi, madengu, mikeka ya mlaza, zotchingira mababu. Mpando wa nsungwi sutentha kumsana, mwana amaunyamula kupita nawo pakhonde, ndipo ukaduka woluka ali pafupi. Mipando imeneyi amalonda amaitumiza mpaka ku South Africa ndi ku Ulaya, ndipo pa Pinterest pomwepo mukalemba Malawi chair muipeza ili m'nyumba zapamwamba. Mkeka pabalaza m'malo mwa kapeti, mumaukutumula panja mchenga n'kugwa. Malichero a misinkhu yosiyana pakhoma la podyera amaoneka bwino kwambiri. Ngati mukuopa kufumbwa, pakani vanishi wopepuka ndipo muziziyanika padzuwa nthawi ndi nthawi.

WakuJoni
Koma abale, munthu avutike zaka zonsezi kuti apachike lichero pakhoma? Kumudzi anthu adzati ndalama zinamuthera. Nyumba ya munthu isaoneke ngati loji ya alendo.

Mtsikana_wa_Lifuwu
Achimwene, apa ndiye tasiyana. Mlendo achoke kutali kudzagula mpando wa kwathu, ife eni ake tizichita nawo manyazi? Ine ndi bwino ndalama yanga ipite kwa mayi woluka wa kwa Maganga kusiyana n'kugula maluwa apulasitiki.

WakuJoni
Sindikunyoza oluka. Ndikungoti aliyense ali ndi chimene chimamusangalatsa. Ine ndikalowa m'nyumba mwanga ndikufuna ndione kuti thukuta langa la kunja linabala kanthu.

Mphunzitsi_wa_ku_Chia
Zimenezo n'zomveka achimwene, ndipo palibe angakuletseni. Magetsi obisika mu siling'i munanena aja ine ndimawakonda. Khoma limodzi lotuwa kuseri kwa TV silingawotche nyumba. Chimene tikukana n'kutenga chithunzi chonse osafunsa ngati chikugwirizana ndi kuno.

Che_Mwenye_wa_Mpondagaga
Salaam kwa nonse. Kwa Asilamu anzanga amene mukuwerenga, poti kuno ku Nkhotakota ndi ku Salima tilipo ambiri, ganizirani malo a swala pulani isanatsekedwe. Sipafunika chipinda chonse, kangodya koyera kopanda zithunzi za anthu kutsogolo, kosadutsadutsa anthu, ndi shelefu ya Qur'an pamwamba. Kuchokera kuno Qibla, mbali ya ku Makka imene timayang'ana poswali, ili chakumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Mukadziwa mbali imeneyo mudziwanso mmene mungaikire chimbudzi kuti wokhalapo asayang'ane kapena kufulatira komweko. Pafupi pakhale mpope wam'munsi ndi pokhala potawazira, pansi pake posaterera. Ngakhale amene si Asilamu, mpope wotsukira mapazi pafupi ndi khomo lakuseri ndi wothandiza, ana akachokera kunyanja mchenga umathera pomwepo.

Bambo_a_Thavite
Pa za chimbudzi pomwepo, ine cha m'chipinda chogona sindichifuna. Madzi akasiya masiku awiri mugona bwanji?

NaPhiri_wa_ku_Linga
Mukadzakula mudzachifuna bambo. Usiku kutuluka panja ndi mawondo owawa si masewera. Ikani thanki pamwamba, ndipo chimbudzi chokumba panja chikhaleponso cha tsiku la anthu ambiri.

Nesi_wa_Usiku
Ndikugwirizana ndi a NaPhiri. Ndipo chitseko cha bafa chikhale chachikulu, masentimita 90, chotsegukira kunja. Munthu akagwa m'kati atatsamira chitseko, chotsegukira m'kati simungachikankhe. Mai a Mapasa anati akufuna kudzakalambiramo, ndiye masitepe achepe, shawa ikhale yopanda chidzenje chokwera, ndipo pakhoma pakhale chogwirira.

A ku Nkhotakota mukudziwanso za opopera mankhwala a udzudzu m'makoma. Akabwera katundu amatuluka kapena kusunthidwa pakati, ndipo akapopera simuyenera kutsuka kapena kupaka penti khomalo kwa miyezi. Choncho penti muzipaka iwo asanabwere.

Usipa_wa_Chipoka
Nanga magetsi a pakhonde? Kwathu tikayatsa babu loyera tizilombo tonse ta kunyanja timathera pakhomo.

NaPhiri_wa_ku_Linga
Inu a ku Chipoka simunaone kanthu, bwerani kuno nthawi ya nkhungu, tizilombo touluka tija, mudzaone mtambo wake ukutuluka m'nyanja. Babu la pakhonde likhale lachikasu, ndipo lisakhale pamwamba pa chitseko penipeni. Liikeni pakona kapena pa mtengo chapatali kuti tizilombo tizipita kumeneko. Mababu a m'zipinda nawonso achikasu pang'ono amapumitsa maso, oyera kwambiri asiyireni kukhitchini.

Mmisiri_wa_Kaphatenga
Ndi mileme. Nyumba ya siling'i kuno ikasiyidwa ndi kampata pakati pa khoma ndi malata, mileme imalowa, ndowe zake zimadetsa siling'i ndipo fungo lake silitha ndi penti. Mmisiri atseke mipata yonse ndi matope, mavent okha a gozi ndiwo atsale. Musiyenso kachitseko kokwerera mu siling'i mu kolido.

Mai_a_Mapasa
Abale, ndabwera kudzanena mmene zayendera. Takhala pansi ndi bambo a kunyumba ndi mmisiri. Tikuwonjezera mizere ya njerwa, khomo lakumaso likhala la zitseko ziwiri, khitchini ikhala ndi windo la a NaPhiri lija, ndipo khonde lakuseri talikulitsa kuti mbaula ikhale ndi malo ake. Chipinda cha mapasa chinali kumadzulo, tachisinthanitsa ndi cha alendo. Khoma limodzi la pabalaza ndipakabe wotuwa, a WakuJoni musadandaule. Bambo akana kusiya disipulei ya mayi awo, ndiye ilowa, koma tiimangirira kukhoma monga ananenera agogo.

Chatsala n'pansi. Ine ndimafuna matailosi oyera onyezimira, bambo akuti simenti wofiira wopaka polishi ngati kwa makolo awo, akuti amazizira kumapazi.

Mtsikana_wa_Lifuwu
Wofiirayo ndi wokongola, koma kugwada ndi polishi Loweruka lililonse adzagwada ndani? Bambowo avomere kaye kuti azithandiza.

Mmisiri_wa_Kaphatenga
Zonse ziwiri zimazizira mayi, kusiyana kuli pa kasamalidwe. Oyera onyezimira ndikukanizani: mchenga umawakanda, phazi lililonse limaoneka, ndipo akanyowa amagwetsa ana ndi okalamba. Tengani osanyezimira, a mtundu wa mchenga womwewo, ndipo zomatira m'mizere zikhale zoderako, zoyera zimada msanga. Simenti wofiira ikani pakhonde ndi m'khitchini ya panja, bambo akhutira, polishi naye achepa.

Musanayale chilichonse ndiuzeni dothi la pamalopo. Madera ena a Salima ndi a makande, dzinja limafufuma, chilimwe limang'aluka, ndipo pansi pakasuntha matailosi amasweka mzere wonse. Ngati ndi makande, achotse dothi lakudalo, athire gelevulo n'kutsendera bwino, ayale pulasitiki, mu konkire aikemo waya. Mankhwala a chiswe athire konkire asanathire. Pogula matailosi onani kuti nambala ya pa makatoni ndi imodzi, chifukwa a dzina limodzi amatha kusiyana mtundu, ndipo muwonjezere katoni imodzi pa makatoni khumi alionse, ya zodula ndi yosunga.

Mai_a_Mapasa
Kumtunda kwa puloti ndi mchenga, koma kumunsi chakumene kuli sitolo n'kwakuda ndithu, nthawi ya mvula kumamata ku nsapato.

Mmisiri_wa_Kaphatenga
Ndiye mbali ya sitoloyo ayikumbe kaye asanathire konkire, ndipo madzi a padenga muwatsogolere kutali ndi khoma limenelo ndi ngalande ya simenti. Matailosi musagule mwezi uno. Folerani, thirani pansi, padutse dzinja limodzi muone ngati pang'aluke.